Phazi la Mayi Telala

Mkonzi anakankha envulopu ndi chala chimodzi mpaka inafika kumapeto kwa tebulo, ngati munthu amene akubweza nyama yonunkha kwa wogulitsa.

"Mitu isanu ndi itatu yoyambayo ili bwino, bambo. Koma inayi yomalizayi sindikudziwa kuti walemba ndani."

A Chaputala anaseka pang'ono, kuyesa nthabwala. Dzina limeneli anawapatsa ndi anthu a mumsewu wawo, chifukwa aliyense wowaitana kumpira, kumsonkhano kapena kukathandiza kukankha galimoto ankalandira yankho limodzi: "Ndikubwera, ndingomaliza chaputala." Anali atalemba mabuku asanu a nthano zazitali, ndipo ili linali lachisanu ndi chimodzi.

"Ndalemba ndine. Mitu imeneyo ndiye mtima wa buku lonse."

"Ndiye bukuli lili ndi matenda a mtima," anatero mkonzi. Anali mayi wachitsikana, wa magalasi, woti a Chaputala akanatha kumubereka, koma cholembera chake chofiira sichinkadziwa za msinkhu wa munthu. "Taonani. Mwamuna wathawa banja zaka khumi ndi ziwiri. Wabwera, wagogoda. Mkazi watsegula chitseko, walira, kenako walankhula za chikhululuko masamba atatu osameza malovu. Kuchokera pamenepo buku lonse likungoyenda chogwada."

"Masamba amenewo anayesedwa. Palibe ndi limodzi lomwe limene linalephera."

"Anayesedwa ndi makina osokera aja? Ndinamva pawailesi." Mkonzi anavula magalasi n'kuwapukuta ndi kansalu. "Mwina makinawo akufuna mafuta, ine sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti osindikiza atipatsa Lachisanu la sabata yamawa. Tikaphonya tsiku limenelo ayamba mabuku a sukulu, ndipo lanuli lidikira chaka chamawa. Mukalephera kukonza, ndiuzeni ndidule ndekha apa ndi apo. Lituluka ndithu, koma lotsimphina."

M'basi yobwerera kunyumba a Chaputala anakhala envulopu ili pamaondo, akumukalipira mkonzi chamumtima. Kamwana kadzulodzulo, kosalembapo ngakhale kalata yachikondi, kadziwa chiyani za mtima wa buku?

Kalembedwe kawo sanakasinthepo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ankadzuka sikisi koloko, kusukusula, kusongola mapensulo atatu ndi lezala, n'kukakhala m'kachipinda kosungiramo katundu, pakati pa matayala akale a njinga ndi katoni ya mabuku awo osagulidwa. Ankalemba m'makope a ana a sukulu, tsamba lakumanja lokha. Lakumanzere ankalisiya loyera, ati ndi pofikira maganizo obwera mochedwa. Masamba asanu patsiku, osapitirira, osaperewera. Tiyi ankamwa atamaliza tsamba lachitatu, ati munthu wokhuta salemba zachisoni.

Ikakwana teni koloko ankatuluka ndi kope n'kupita kuchipinda chakumaso, kumene akazi awo, Mayi Telala, ankasokera zovala za anthu pa makina opalasa ndi mapazi. Ankakhala pakampando pafupi ndi chitseko n'kuyamba kuwerenga mokweza. Mayiwo sankanena kanthu, ankangosoka. Koma kalekale a Chaputala anazindikira chinthu chimodzi: nkhani ikafika pokoma, phazi la mayiwo linkaiwala ntchito, makina n'kukhala chete. Pamenepo iwo ankajambula kamtanda m'mphepete mwa tsamba. Tsamba limene makina alira kuyambira pamwamba mpaka pansi ankaling'amba n'kudzalilembanso mawa lake. Mabuku asanu anatuluka motero, mwini phazi osadziwa kuti akugwira ntchito ziwiri.

Akanatseka pakamwa bwenzi zili choncho mpaka lero. Koma miyezi itatu yapitayo mtolankhani wa pawailesi anawafunsa chinsinsi cha kalembedwe kawo. Munthu amene wakhala zaka zambiri akucheza ndi matayala, mukamuikira maikolofoni pakamwa amaulula ndi zimene simunamufunse.

Basi itaima kudikira anthu, anatulutsa makope m'chikwama. M'mitu yoyamba timitanda tinali apa kamodzi, apo tiwiri, ndipo pakati pa kope panali zipsera za masamba ong'ambidwa. Kuyambira mutu wachisanu ndi chinayi timitanda tinali mbwee tsamba lililonse, ngati manda a mumzinda waukulu, ndipo panalibe tsamba long'ambidwa ngakhale limodzi. Anayang'ana deti limene analemba pamwamba. Linali Lolemba lotsatira pulogalamu ya pawailesi ija.

Atafika kunyumba anapeza Mayi Telala akuyeza mayi wina m'chiuno, tepi ili m'manja, mapini atatu ali pakamwa. Anadikira mpaka kasitomalayo atatsanzika.

"Mayi, pulogalamu ija munaimva?"

"Iti? Ya ulimi?"

"Musandizungulitse. Yanga ija."

Mayi Telala anachotsa mapini pakamwa n'kuwabaya pa kansalu ka pachifuwa. "Ndinaimva. Msewu wonse unaimva. Muno munali azimayi anayi odzayesa madiresi. Mmodzi anandigwira phewa n'kunena kuti, 'Mayi, muziimitsako makina, abambo azidya ndi mtima umodzi.' Mpaka pano ndikapita kokagula ulusi amandifunsa ngati phazi lili bwino."

"Ndiye mwakhala mukuimitsa dala."

"Nanga ndikanatani? Munthu walengeza dziko lonse likumva kuti makina anga akalira, iye amang'amba ntchito ya tsiku lonse. Lolemba lake wabwera ndi kope, nkhope ili ngati ya mwana wodikira zotsatira za mayeso. Phazi langa likanapalasa bwanji?"

"Mwandiphera buku."

"Ine ndakupherani buku? Nanga ntchito yanga waipha ndani? Miyezi itatu, kuyambira teni mpaka leveni, ndimangokhala ngati chithunzi, phazi lili m'malere, kumvetsera mkazi wanu wa m'buku uja akulalikira. Masiketi a anthu akungochedwa apa."

"Akulalikira?"

"Sindinanene kanthu," anatero mayiwo, n'kuyamba kupinda nsalu.

A Chaputala anayenda kuchoka pachitseko kufika pawindo, n'kubwereranso. Chipindacho chinali chaching'ono, moti mkwiyo unalibe malo okwanira.

"Chabwino. Zachitika. Mawa muzisoka ngati kale. Muiwale kuti mukudziwa."

"Madzi akatayika saoleka, bambo."

"Awa tiwaola."

Mawa lake analembanso za mkazi uja akutsegula chitseko. Anafupikitsa zolankhula zake kuchoka pa masamba atatu kufika pa awiri ndi theka, ndipo anaona kuti adzimana kwambiri. Teni koloko anakakhala pakampando. Mayi Telala anali ndi shati ya aphunzitsi ena pansi pa singano.

Anayamba kuwerenga. Makina analira, kenako anachedwa ngati njinga pachitunda, n'kuima.

A Chaputala anakweza pensulo. "Mwaimiranji?"

"Ulusi waduka."

"Ndiye ndijambule kapena ndisajambule?"

"Ujambulireni ulusiwo."

Analowetsa ulusi, a Chaputala n'kupitiriza. Tsopano makina analira osapuma ngati chigayo, tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. Mawu a wowerenga ankakwera, phazi nalo linkawonjezera liwiro.

"Apa ndiye mukuchita dala."

"Ndikaima ndalakwa, ndikapalasa ndalakwa. Mukufuna ndiziyandama?"

"Ndikufuna musoke ngati munthu."

"Munthu wake uti amasoka wina akumuyang'ana phazi ngati sing'anga?" Anakoka shati ija pa makina n'kuikweza m'mwamba. Dzanja lakumanzere la shatiyo anali atalisoka kukamwa kwake, moti aphunzitsiwo akanavala, mkono ukanakhala m'thumba. Mayi Telala anaiyang'ana nthawi yaitali. Zaka makumi awiri ndi zisanu akusoka, anali asanachitepo zoterozo. Anatenga lezala n'kuyamba kutumbula msoko ulusi umodziumodzi.

"Tulukani, bambo," anatero motsitsa mawu. "Musanamve zimene simunalembe."

Masiku otsatira a Chaputala anayesa nzeru zonse. Anapachika nsalu pakati pa chipinda kuti asamaonane, koma mayiwo ankamva pensulo ikakanda papepala, n'kuseka. Anakawerengera panja pawindo, akunamizira kuti akudziwerengera okha, koma mayi wogulitsa zipatso kutsidya kwa msewu anafuula kuti, "Kwezani mawu, bambo, phazi silikumva." Lamulungu anakhala m'kachipinda kuyambira sikisi mpaka teni osalemba liwu ndi limodzi lomwe. Anangosongola mapensulo mpaka onse atatu anatsala ngati ndudu zotoleza. Tsamba lachitatu silinafike, ndiye tiyinso sanamwe, ndipo tsiku lonse anakhala akukalipira nkhuku za eni.

Chimene chinkawasautsa kwenikweni n'chakuti akawerenga okha masamba aja sankatha kudziwa ngati ali abwino kapena oipa. M'mawa ankaoneka agolide, masana ankaoneka zinyalala. Zaka zonsezi khutu lawo linali m'chipinda chakumaso, ndipo tsopano linali litagontha.

Lachiwiri anaganiza za wometa wa pakona. Nayenso anali ndi makina olira, nayenso ankagwira ntchito ndi manja, makutu ali pa ulova. Anakakhala pampando wometera, nsalu ili m'khosi, kope lili m'manja.

"Ndikuwerengerako pang'ono, achimwene. Iwe uzingometa."

"Werengani, akulu. Muno timamva zambiri. Dzulo wina amandiwerengera masamoni a kukhoti."

Makina anayamba kulira kumbuyo kwa khutu lakumanja. A Chaputala anawerenga za mwamuna uja akutsika basi, akuyenda mumsewu umene anausiya zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, akugogoda. Atafika pamene mkazi akutsegula chitseko n'kugwetsa misozi, makina anangoti zii. A Chaputala anali atatulutsa kale pensulo m'thumba.

"Magetsi apita," anatero wometa, akuyang'ana babu.

"Abwera nthawi yanji?"

"Amenewo satsanzika, akulu, ndipo salonjeza. Mwina mawa." Anawapukuta m'khosi ndi kaburashi. "Koma bukuli ndi moto. Vuto ndi limodzi lokha: mulibe wometa. Munthu zaka khumi ndi ziwiri kutali ndi kwawo, ankameta kuti? Muikemo wometa, wamtali ngati ine, muona mmene ligulidwire."

A Chaputala anadziyang'ana pagalasi. Mbali imodzi ya mutu inali yosalala ngati bondo, inayo ili ndi tsitsi lake lonse la imvi. Anabwerera kunyumba atafunda nyuzipepala kumutu, dzuwa lili phwee popanda ndi kamtambo komwe.

Mayi Telala sanaseke nthawi yomweyo. Anayamba amaliza msoko, anadula ulusi, anaweramira pa makina, kenako mapewa anayamba kugwedezeka.

"Khalani apa," anatero atapukuta misozi. Anatulutsa kampando kaja kuseri kwa nyumba, anawakulunga chidutswa cha nsalu ya makatani m'khosi, n'kutenga sizasi yakale. Yatsopano sankalola kuti idule china chilichonse kupatula nsalu, ngakhale mutu wa mwamuna wawo. "Musasunthe. Ndifupikitsa mbali iyi kuti manyazi afanane."

Sizasi inayamba kudya imvi pang'onopang'ono.

"Ndiye mwayenda msewu wonse kufunsa makina a anthu."

"Lachisanu ndi mkucha wake wa mawa, mayi. Ndilibe poyesera."

"Mulibe poyesera." Anawapendeketsa mutu ndi zala ziwiri. "Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi mwakhala mukufunsa chitsulo chimene ndinagula chogwiritsidwa kale ntchito. Ine ndili pomwepo, makutu awiri, pakamwa pamodzi. Munayamba mwandifunsapo kuti, 'Mayi, mwaiona bwanji nkhaniyi?' Ngakhale tsiku limodzi?"

A Chaputala anafuna kutembenuka, koma sizasi inali pafupi ndi khutu.

"Ndinkaopa kuti mundinamiza chifukwa cha chikondi."

"Chikondi chake chiti, chimene chimandiletsa kukuuzani kuti mumaliza mkonono? Inu munkaopa kuti ndikuuzani zoona. Makina ndi abwino, satha kunena kuti apa mwanama. Amangolira, inu n'kumasulira nokha. Safunsa anadya phula, bambo."

Tsitsi linkagwera pansalu ya makatani. Kutsidya kwa mpanda wina ankachapa, akumenyetsa zovala pamwala.

"Chabwino," anatero a Chaputala, mawu akutuluka movutikira ngati chitseko chadzimbiri. "Mwaiona bwanji nkhaniyi?"

"Mukufunsa kuti ndiyankhe, kapena kuti muyambe mlandu?"

"Yankhani."

"Bodza layambira pachitseko. Mpaka pamenepo mkazi uja ndimamudziwa. Wogulitsa makala, wolera ana atatu yekha, wosoka yunifolomu imodzi kawiri. Ameneyo ndi munthu. Koma akangotsegula chitseko, amene akulankhulayo ndinu. Mwamuvula diresi mwavala ndinu, chifukwa mukumumvera chisoni mwamuna mnzanu."

"Kukhululuka kulipo padziko, mayi."

"Ndati musasunthe. Kulipo, koma sikubwera ndi masamba atatu." Sizasi inaima kanthawi. "Bambo anga anachoka ndili ndi zaka zisanu. Anabwera ndili ndi khumi ndi zinayi. Ndinali pomwepo amayi akutsegula chitseko. Sanalire. Anayang'ana nsapato zawo n'kunena kuti, 'Vulani, ndakolopa.' Basi. Anawapatsa madzi osamba, anawapatsa chakudya m'mbale ya alendo. Mawa lake mbale ya alendo. Chaka chinatha, mbale ya alendo. Anakhala limodzi zaka makumi awiri, osakangana, anthu n'kumati banja lachitsanzo. Bambo anamwalira akudyera m'mbale ya alendo."

A Chaputala ankawakumbukira bwino apongozi awo aamuna, munthu wofatsa, wokonda kukhala pakhonde ndi wailesi.

"Mbale ya maluwa abuluu ija?"

"Yomweyo."

"Ine ndinkayesa ulemu."

"Munadya nawo patebulo limodzi zaka zisanu ndi ziwiri, inu wolemba mabuku, osaona kanthu."

Dzanja la a Chaputala linayamba kuyenda lokha pansi pa nsalu, kulowera kuthumba la shati kumene kunali pensulo. Mayi Telala analimenya ndi chogwirira cha sizasi.

"Ayi. Amayi anga simuwaika m'buku. Ali moyo, ndipo mdzukulu wawo amawawerengera zonse zimene mumalemba. Ndakuuzani kuti mudziwe mmene chitseko chimatsegukira. Mkazi wanuyo mumupezere zake."

"Ndizipeza kuti pofika Lachisanu?"

"Mwati mitu ingati?"

"Inayi."

"Masamba asanu patsiku. Sukulu munapita ndinu, werengerani." Anawauzira tsitsi m'khosi n'kuchotsa nsalu. "Munati kamtsikana ka magalasi kaja kakhoza kudula kokha. Kauzeni kadule. Diresi yolakwika podula imatheka kuibisa ndi lamba, mwini wake n'kupita nayo ku ukwati. Anthu ambiri saona."

"Inu mumatero?"

"Ine ndimagula nsalu ina. N'chifukwa chake sindinalemere."

Lachitatu a Chaputala sanalowe m'kachipinda. Anakhala pakhonde atavala chipewa, envulopu ili pambali, akuwerenga zofiira za mkonzi. Zinali zanzeru ndithu. Kudula apa, kudula apo, misozi kuichepetsa, ulaliki kuusiya theka la tsamba. Buku likanatuluka mwezi wamawa, chithunzi chawo chili kuchikuto, ndipo anthu a mumsewu amene akhala akufunsa zaka zitatu kuti lituluka liti akanapeza china chonena. Anawerenga kawiri. Mkazi wa pachitseko uja, ngakhale atamudula chotani, ankalankhulabe ndi mawu a mwamuna wa imvi wokhala ndi matayala.

Lachinayi m'mawa anaimbira mkonzi.

"Auzeni osindikiza ayambe mabuku a sukulu."

"Bambo, mukudziwa kuti ndi chaka chathunthu? Ndipo chaka chamawa sindingalonjeze kuti mudzakhala oyamba pamzere."

"Ndikudziwa."

"Makina anena choncho?"

"Eni ake," anatero a Chaputala, n'kudula foni mkonzi asanafunse zambiri.

Analowa m'kachipinda, anang'amba mitu inayi ija m'makope n'kuiponya m'katoni. Anasongola pensulo yatsopano. Teni koloko inawapeza ali ndi tsamba limodzi lokha, lofufutidwa mpaka pepala kuonekera. Anapita nalo kuchipinda chakumaso.

Mayi Telala sanadzutse mutu. "Ino ndi nthawi ya ntchito. Kuyambira lero kuwerenga ndi folo koloko, ndikatseka. Ndipo ndikamalankhula inu musamayankhe."

"Ngakhale mutalakwa?"

"Mwayamba kale."

Folo koloko anabweranso. Mayiwo anavundikira makina ndi nsalu, anakhala pampando wa makasitomala, manja ali pamiyendo, n'kuwayang'ana kumaso. A Chaputala anaona kuti kuwerengera munthu amene akukuyang'ana n'kovuta kuposa kulankhula pawailesi. Anakhosomola kawiri, n'kuwerenga tsamba lonse mpaka pansi.

"Bwerezani chiganizo choyamba."

"'Anatsegula chitseko theka, monga amachitira kwa anthu ogulitsa zinthu.'"

"Chimenecho chisiyeni. Zinazo chotsani."

A Chaputala anatsegula pakamwa, anayang'ana akazi awo, n'kutsekanso. Anakhwatcha mizere makumi awiri ndi iwiri, umodziumodzi, pensulo ikulira papepala. Kenako ananyamuka n'kubwerera m'kachipinda ndi chiganizo chimodzi, chaka chonse chili patsogolo.